Makina Atatu Otsuka Mbale ndi Manja Awiri

Chabwino, mwandigwira. Tadala, tsitsa foniyo, usandijambule ngati wakuba nkhuku. Chisomo, leka kuseka, kokera kampandoko kuno ndikhale, mawondo akukana. Inde, ndimatsuka mbale ndi manja ndisanaziike m'makina a bambo anuwa. Ndakhala ndikuchita zimenezi kuyambira pamene ndinafika m'nyumba muno, miyezi inayi tsopano, inu mukapita kusukulu, amayi anu ali ku shifiti kuchipatala. Lero mwaweruka msanga, nanga ine ndikanadziwa bwanji?

Mukuti dishiwasha ntchito yake ndi imeneyo. Mukuti aphunzitsi anakuuzani kuti kutsuka kawiri n'kuwononga madzi, makamaka m'dziko lino limene madzi ake amachita kusefa a m'nyanja. Aphunzitsiwo sakunama. Koma khalani pansi kaye, ana inu, ndikuuzeni za makina atatu akale amene ndinawaona akupikisana tsiku limodzi, ndi mmene ine agogo anu ndinadzichotsera ntchito ndekha ndi manja awiri omwewa.

Kwathu ku Chiradzulu mwamuna sankatsuka mbale. Akakupeza ukutero, nkhani imafika kuchigayo iwe usanapukute m'manja. Amayi anga ankasenza mbale m'beseni kupita nazo kudambo, miphika n'kukwecha ndi mchenga ndi phulusa, mbale n'kutsuka ndi chinkhupule, pobwera n'kuyanika pa thandala. Thandala simulidziwa inu. Ndi kabedi ka mitengo kamene timamanga panja kuti mbale ziziuma ndi dzuwa, agalu ndi nkhuku asazifikire, ngakhale nkhuku za kwathu sizinkamva lamulo limenelo. Sopo anali wochapira zovala za kutchalitchi basi. Munthu wothira sopo m'mbale tikanamuyesa wamisala kapena wobwera kumene ku Joni.

Ine kutsuka ndinaphunzirira ku Limbe, kwa Mmwenye wina kumene ndinalowa ntchito ya m'nyumba ndevu zisanamere. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndiye paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Yanga nyimbo inali mbale. Adona a pamenepo anandiphunzitsa kuti mbale yoyera imalira. Ukakhwekhwereza chala pakati pake imati kwii. Ikakhala chete ndiye kuti mafuta akadalipo, bwerera nayo kusinki. Mpaka lero ndikapita ku lesitilanti ndimayamba ndaliza mbale ndisanadye, n'chifukwa chake amayi anu safuna kukhala nane tebulo limodzi tikapita ku molo, kuchinyumba chamasitolo kuja.

Kuno ndinabwera imvi zitayamba kale, amayi anu ali Folomu 1. Ndege ndinakwera tsiku limenelo koyamba, ndipo ndinavala jekete ndi juzi m'kati mwake, poti malemu agogo anu aakazi anati kunja kulikonse kumazizira. Nditatuluka pabwalo la ndege ndinayesa ndaima kumbuyo kwa basi, potulukira utsi. Ndinasuntha, kutentha kunasuntha nane. Kuno mukukutcha JVC, ndi nyumba zosanjikizanazi, ndi sitolo pansi pake, ndi anyamata a njinga zamoto okubweretserani chakudya pakhomo ngati odwala, kunali mchenga wokhawokha. Musandiyang'ane choncho, sindikukamba za nthawi ya Nowa.

Ntchito ndinaipeza ku Jumeirah, m'nyumba yakale ya mpanda woyera kufupi ndi nyanja, kwa mayi wina wamasiye wochokera ku Lebanoni, dzina lawo Madamu Nadiya. Kwathu timati adona, kuno ndi madamu. Ndinkaphika, kutsuka mbale, ndi kuthirira mitengo iwiri ya mandimu imene inkangokhala ndi moyo chifukwa cha liuma. Ndinali ndi kachipinda kangakanga kuseri, ka eyakoni yoziziritsa mpweya, ndiponso tchuthi chopita kumudzi chaka chilichonse. Amalawi anzanga a ku mahotela ndi a ulonda akabwera kudzandiona ankatuluka akupukusa mitu, amvekere, "Lameki, iwe unasamba chani?" Ntchito imeneyo ndi imene inkasunga amayi anu pasukulu.

M'khitchini mwa Madamu munali makina otsuka mbale amene ine ndinawapatsa dzina loti Mjeremani, poti anachokera ku Jeremani. Anagula ndi malemu amuna awo, a Fuadi, chaka chimene mwana wawo Karimu anabadwa, ndipo pamene ine ndinkafika Karimuyo anali bambo wandevu zake, akugwira ntchito ku Kanada. Mjeremani anali woyera, wachitsulo chokhachokha, chitseko chake ukachisiya chikugwere paphazi umatsimphina sabata. Analibe timagetsi ndi timabelu ngati awa a bambo anu amene amatumiza uthenga pafoni akamaliza. Anali ndi chopotokola chimodzi chonga cha wailesi yakale. Ukachipotokola chimabwerera chokha pang'onopang'ono, chikumati the, the, the, mpaka chifike pomwe chinayambira. Sopo wake anali waufa, wothira ndi supuni, osati timaswiti iti timene mumaponya masiku ano.

Madamu sankagwira ntchito iliyonse m'khitchini, kupatula imodzi. M'mawa uliwonse ankatenga kansalu n'kupukuta okha chitseko cha Mjeremani. Tsiku lina anandiuza kuti akamamva kulira kwake amaona ngati a Fuadi ali m'chipinda china akuwerenga nyuzi.

Sabata yanga yoyamba ndinalonga mbale monga anandionetsera, ndinathira sopo, ndinapotokola. Patapita maola awiri ndinatsegula. Ana inu, mbale zinatuluka zotentha, zouma, koma mpunga uli pomwepo, wachita kuwotcheredwa pambale. Ndinati basi, ndapha makina a eni sabata yoyamba. Kwathu wantchito sathamangira kunena kuti chinthu cha abwana chafa, chifukwa funso lotsatira limadziwika kale: wachipha ndani? Ndinatseka chitseko cha khitchini, ndinasuzumira pansi pa sinki, ndipo kuseri kwa mabotolo ndinapeza beseni la pulasitiki lobisidwa bwinobwino, ndi siponji yake m'kati. Nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti mayi wa ku Sri Lanka amene analipo ine ndisanabwere anandisiyira ntchito pamodzi ndi bodza lake.

Ndinatsuka zonse ndi manja, ndinapukuta, n'kuzibwezera m'makinamo. Madamu atalowa anatulutsa tambula imodzi, n'kuiyang'anitsa pawindo.

"Waona, Lameki? Zaka zonsezi, ndipo akutsukabe ngati wabwera dzulo. Fuadi sankagula zinyalala."

Ine ndinati, "Inde, Madamu." Ndipo ndinapitiriza kunena inde ameneyo zaka zisanu ndi chimodzi.

Kunali Mpakisitani wina wokonza makina, dzina lake Bashiri, amene anali ndi shedi yake ku Al Quoz. Tsiku lina atabwera kudzakonza furiji, Madamu ali ku saluni, ndinamupempha kuti angosuzumirako mwa Mjeremani. Anagwada, anazunguza ndi chala kamkono kamene kamapopera madzi, anayatsa n'kuika khutu pachitseko, kenaka anadzuka akupukuta m'manja.

"Bhai, m'bale wanga, uyu khalas, watha," anatero Bashiri. "Mtima ukugunda koma mphamvu palibe. Madzi akungodontha, sakumenya. Sipeya wake anasiya kupanga ine ndisanakwatire. Ndiwauza Madamu agule ena."

Ndinamugwira mkono kumupempha kuti asanene. Mukandifunsa chifukwa chake, poyamba anali mantha. Koma pofika nthawi imeneyo sanalinso mantha okha. Kwathu chinthu chimene wasiya malemu sitichinyoza pamaso pa mkazi wake. Jekete la malemu lingang'ambike chotani, umati linali jekete labwino, unapeza munthu wodziwa kusankha. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndiye ndikanamupha bwanji osaswa mkhatewo? Bashiri anangoti Amalawi ndife anthu ovuta, n'kunyamula bokosi lake la zipangizo.

Motero tsiku ndi tsiku ntchito inali iwiri. Ndinkayamba ndatsuka m'beseni Madamu akapita kokagona masana, kenaka n'kulonga mbale zoyera m'makina kuti zikasambe nthunzi. Lachinayi lililonse kunkabwera ang'ono awo awiri a Madamu kudzamwa khofi, Madamu Huda ndi Madamu Leila, nawonso amasiye. Ndikamaperekera khofiyo ndinkamva Madamu akudzitama ndi makapu awo, kuti yang'anani kuwala kwake, enawo n'kumayankha kuti nawonso makina awo ndi akatundu. Ine kuima pamenepo ndi thireyi, manja akunyerenyetsa. Sopo wa kuno ndi waukali, ndipo nyengo yotentha madzi a m'mpopi amatuluka owira okha osawatereka. Taonani manjawa. Gwira apa, Tadala, usaope. Zala izi sizipindikanso mpaka kumapeto, ndipo kukazizira zimang'aluka m'mfundomu.

Chaka chachisanu ndi chimodzi Karimu anabwera kuchokera ku Kanada ndi mapulani ake. Eni malo ankafuna kugwetsa nyumba yakale ija, ndiye iye anati amayi ake ndi ang'ono awo awiri aja akakhale pamodzi m'fulati imodzi ku Al Rigga. Za mipando anagwirizana, za makapeti anagwirizana. Nkhondo inabuka pa makina otsuka mbale. Aliyense mwa atatuwo anali ndi ake akalekale, ndipo m'khitchini ya fulatiyo munali malo a amodzi okha. Atsopano anawakana onse atatu, amvekere ndi zidole za pulasitiki. Karimu anali injiniya, munthu wokhulupirira zoyesa, ndiye anagamula kuti makina atatuwo apikisane Lachisanu, opambanawo ndi amene apite.

Madzulo ake anandiitanira kumandimu kuja n'kundiuza mosapsatira, ndipo pa chimenecho ndimamuyamika.

"Lameki, ku fulati kukupita Rosa," anatero. Rosa anali Mfilipino wogwira ntchito kwa Madamu Huda. "Amadziwa kusamala okalamba, amaphikanso. Chotsala ndi mbale. Azimayi awa kapu ikakhala ndi kadontho samwera, ndipo Rosa sangathe zonse yekha. Ngati pali makina amene akutsukadi monga amanenera amayi, visa yako sindiwonjezera. Koma onse atatu akalephera, monga ndikuganizira ine, tiwataya onse, iwe upita nawo ku Al Rigga."

Mwamva bwino pamenepo, ana inu? Kuti ndisunge ntchito yanga, chimene ndinkayenera kuchita chinali kusachita kanthu. Mjeremani akanalephera yekha. Nthawi imeneyo amayi anu anali m'chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino, ndipo anali atanditumizira chithunzi atavala yunifolomu yoyera, chimene ndinamata pakhoma pamwamba pa bedi langa.

Lachisanu m'mawa Bashiri anabweretsa makina awiri aja pa pikapu yake n'kuwalumikiza kumipopi ya pakhonde la kuseri. Makina a Madamu Huda anali Mtaliyana, wobiriwira ngati peyala losapsa, wopepuka, ndipo akayamba ntchito ankabangula ngati chigayo n'kumasuntha yekha pang'onopang'ono kulowera kumpanda. Makina a Madamu Leila anali Mmereka, chibokosi chachikulu cha matayala, pamwamba pake pali thabwa lodulirapo anyezi. Ameneyu unkachita kumukankhira kusinki n'kulumikiza paipi yake kumpopi, ndipo madzi amene ankamwa ulendo umodzi akanakwanira banja lonse la kwathu kusamba. Mjeremani yekha anatsala pamalo pake m'khitchini, poti anali womangirira kukhoma.

Nkhomaliro ndinaphika mpunga wa nyama ya nkhosa, nsomba yokazinga, mazira, ndi phala lawo lija la chitowe limene limamata pambale osafuna kuchoka. Pamapeto anamwa khofi wawo wa m'timakapu ting'onoting'ono, amene amasiya matope pansi, azimayiwo n'kusiyanso zofiira za milomo m'mphepete. Karimu anagawa ziwiya zonse milu itatu yofanana, mbale, matambula, mafoloko, timakapu ndi poto mmodzimmodzi, n'kuziika padzuwa ola lathunthu kuti zouma ziume ndithu. Ndinkalonga ine iye ataima pambali. Sopo anathira yekha, ndipo chopotokola cha Mjeremani anapotokola ndi dzanja lake, n'kutuluka kukayatsa enawo.

Madamu anatsalira m'mbuyo. Anaika dzanja pa Mjeremani monga umagwirira phewa la m'bale wako akamalowa ku opaleshoni. Sanandiyang'ane.

"Huda wakhala akundiseka kuyambira tili atsikana," anatero chapansipansi. "Nyumba ikupita. Mandimu akupita. Bedi la Fuadi akuti silikwana m'chikepe. Uyu yekha ndiye ndikufuna kupita naye. Inshallah, Mulungu akalola, sandichititsa manyazi lero."

Anatuluka akugogoda ndodo yawo. Posakhalitsa Bashiri anasuzumira pakhomo la khitchini, n'kundiloza ndi sipanala. "Bhai, lero manja m'thumba. Wamva? M'thumba."

Ndinaikadi manja m'thumba. Ndinakhala pa kampando ndikumvetsera the, the, the. Ndinaganiza za chithunzi cha amayi anu, ndinaganiza za kachipinda kanga ndi tchuthi changa. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chinali kuchitika m'bokosi lija, kuti mpunga ukuphikidwa kachiwiri. Ndinkaona m'maganizo Karimu akutsegula chitseko, Madamu Huda akuseka mpaka dzino lawo lagolide kuonekera, ndipo Madamu anga akutembenukira kwa ine pamaso pa onse kuti, nanga zaka zonsezi ankatsuka ndani?

Kuseri kunamveka phokoso. Paipi ya Mmereka inali itafwamphuka pampopi, madzi ali ponseponse, Karimu akukuwa yalla, yalla, kuti fulumirani, Madamu Leila akulalatira Bashiri. Atamanga paipiyo onse anapita pabalaza kukaumitsa mapazi ndi kudikira. Sindingakuuzeni kuti ndinaganiza bwino n'kusankha, ndikatero ndinama. Ndinangozindikira beseni lili pansi, manja ali kale m'madzi.

Makina akale ukatsegula chitseko amaima, ukatseka amapitiriza pomwe analekera. Ndinatsegula, nthunzi inandiwaula kumaso, ndinatulutsa zonse mofulumira, n'kutsekanso kuti azilira opanda kanthu m'mimba. Mpopi ndinangoutsegula pang'ono poopa phokoso. Chiyambireni ku Limbe kuja sindinatsukepo mbale mwaliwiro ndi mwaluso ngati tsiku limenelo. Mafoloko ndinadutsa pakati pa mano ake limodzilimodzi, timakapu ndinatichotsa zofiira zija ndi chikhadabo, poto ndinamukwecha mpaka ndinadziona nkhope. Chopotokola chitatsala pang'ono kufika poumitsa, ndinabwezera chilichonse pamalo pomwe Karimu anachiona. Misozi inali ikutsika. Inde, Chisomo, agogo nawonso amalira. Ndinkadziwa chimene ndikudzichita, koma manja sanasiye.

Makina onse atamaliza, Karimu ndi azimayi aja anayala nsalu yoyera patebulo la pakhonde, padzuwa, n'kuyamba kuweruza. Anayamba Mtaliyana. Tisamunamizire, mbale kumaso zinayera ndithu. Koma ukazitembenuza, kuseri kunali mafuta, chala chimangoterera osalira. Matambula anatuluka ndi nkhungu yoyera, ndipo dzira linali likadali pakati pa mano a mafoloko. Madamu Huda anati vuto ndi sopo, Karimu anawakumbutsa kuti sopo anali yemweyo kwa onse.

Mmereka mphamvu anali nazo. Poto wa mpunga anatuluka akuwala, phala la chitowe linachoka lonse. Koma zinali mphamvu zopanda ulemu. Timakapu ta khofi anatigubuduza, tinayi tinatembenuka n'kudzaza madzi akuda, kamodzi kanathyoka chogwirira. Mpunga umene anachotsa pansi anaulavulira pa matambula a pamwamba n'kuuumitsira pomwepo. Ukanakhala mpikisano wa mapoto okha akanapambana iye, ukanakhala wa kumaso kwa mbale kokha akanapambana Mtaliyana. Onse awiri ankafunika munthu wobwera pambuyo pawo, ndipo munthuyo anali ataima pomwepo ndi thaulo paphewa.

Kenaka tinalowa m'khitchini. Karimu anatsegula yekha Mjeremani. Anatulutsa tambula, anaiyang'anitsa pawindo, anaitembenuza. Anatenga mbale n'kukhwekhwereza chala, inati kwii. Anaitembenuza kuseri, inatinso kwii. Anayang'ana foloko iliyonse, kakapu kalikonse, akufunafuna kadontho, osakapeza. Atatero anandiyang'ana ine, n'kutsitsa maso pa manja a malaya anga, amene anali onyowa mpaka m'zigongono. Ndinawabisa kumbuyo nditachedwa kale. Anatsegula pakamwa kuti alankhule. Nthawi yomweyo Madamu anaimba nthungululu, yakwawo, yosasiyana kwenikweni ndi yathu. Mayi woyenda ndi ndodo, amene sindinawamvepo akukweza mawu zaka zonsezo, anawerama n'kupsompsona chitseko cha makina aja.

Karimu anatseka pakamwa pake. Kenaka anati, "Khalas, Mama. Mwapambana."

Kuti andisunge akanayenera kunena chifukwa chake pamaso pa amayi ake, ndiye nayenso anagwa m'mbuna yomwe ija. Komanso tinene zoona, kuchepa kwa visa imodzi sikunamuipire. Bashiri analavula pansi n'kupita kugalimoto yake osanditsanzika.

Mwezi utatha ndinali ku Al Quoz. Mnzanga wina wa ku Chipata, aTembo, amene ankalondera pageti loyandikana ndi la kwa Madamu, ndi amene anandipezera malo ku kampani yokolopa. Nditawafotokozera zonse anagwira pakamwa. "Imwe ba Phiri," anatero m'Chinyanja chawo, akunditchula mfunda wanga, "muli na mutima wabwino maningi, koma mwazipaya mweka." Kukampu ya antchito a kampaniyo tinkagona anthu asanu ndi atatu chipinda chimodzi, ine ndi imvi zangazi bedi lapamwamba. Basi inkatitenga dzuwa lisanatuluke, tsiku lonse kukolopa m'molo kumbuyo kwa anthu okoka mapazi ngati inuyo. Ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri, ndi kumene ndinasiya mawondo ndi msana. Amayi anu anaima sukulu chaka chathunthu, n'kumagulitsa mandasi pa siteji ya basi ku Limbe pamodzi ndi agogo anu aakazi. Ndinawauza kuti nyumba inagwetsedwa, ntchito inatha. Sanandifunsenso zambiri, ndipo nkhani imene mukumva inuyi iwo sakuidziwa.

Lachisanu lina masana, patangotha masabata atatu chisamukireni kukampu, ndikuchapa yunifolomu kuseri, foni inalira. Anali Madamu.

"Lameki, makina akudwala," anatero. "Chifikireni kuno mbale zikutuluka ndi mpunga. Rosa akuti wayesa zonse."

Ndinaima ndi thovu m'manja. Mpata wonena zoona unali umenewo.

"Ndi madzi a ku Al Rigga, Madamu," ndinatero. "Nyumba zosanja, madzi amafika pamwamba atatopa."

Ndinkamva mahutala a galimoto pamsewu wa kumeneko, ndipo chapafupi ndinkamva the, the, the.

"Inde," anatero. "Ndi madzi." Kenaka anafunsa, "Lameki, habibi, mnzanga, manja ako ali bwanji?"

"Ali bwino, Madamu."

"Uziwadzoza mafuta."

Anadula foni, ndipo sanaimbenso. Za mavisa mphamvu sizinali zawo. Anamwalira patapita zaka ziwiri. Ndinamva kwa Bashiri, amene tinali titayambanso kupatsana moni, poti shedi yake inali kufupi ndi kampu yathu. Ndi iye amene anaitanidwa kukachotsa Mjeremani. Rosa anamuuza kuti mbale ankatsuka yekha ndi manja, poyera, koma Madamu ankayatsabe makinawo tsiku lililonse opanda kanthu m'kati, iwo n'kukhala pampando m'khitchini mpaka chopotokola chifike kumapeto.

Kodi ndinalakwa? Musandiyankhe, mukadali ana. Ndadzifunsa zaka zonsezi. Masiku ena ndimati ndinachita umunthu. Masiku ena ndimati ndinaba chaka cha mwana wanga n'kupatsa bokosi lachitsulo, limene mwiniwake ankangofunako kulira kwake. Ndatopa nako kufunsa, ndatopa nako kutsuka, ndipo kunena zoona ndatopa ndi kubisa mabeseni.

Tsiku limene ndinafika muno bambo anu anandionetsa makina awowa ndi chimwemwe chachikulu, mmene amawayatsira ali ku ofesi, mmene amadziwira okha kuchuluka kwa litsiro. Tsiku lomwelo titadya anatulutsa tambula n'kuiyang'anitsa pagetsi, amvekere, "Mwaona, bambo?" Ine ndinati, "Inde," osaiyang'ana n'komwe. Mpongozi sauzidwa m'maso kuti chake n'choperewera, ndiye poopa kuti tsiku lina ndingadzaone choperewera, m'mawa mwake manja anapita okha kusinki. Choseketsa n'chakuti sindikudziwa n'komwe ngati makinawa amatsuka kapena ayi. Chibwerereni sindinawapatsepo mbale yakuda ngakhale imodzi. Mwina ndi akatswiri, ndikungowamana ntchito.

Tadala, dzuka. Tenga mbale zatsalazi, zonse, ndi poto wa nyemba uyo, uziike momwe zililimo. Usatsukuluze. Chisomo, dina batani lake, ine sindilidziwa n'komwe. Za chaka chija amayi anu ndiwauza ndekha akabwera ku shifiti, musanditsogolere pakamwa. Mbalezo zikatuluka zoyera, tiwayamikire bambo anu, anagula zenizeni. Zikatuluka ndi nyemba zake, iwo n'kufunsa kuti makina atani lero, musanene kuti ndi madzi. Muwauze kuti agogo atopa.